Ulendo wophika, kulawa vinyo ndi kuyenda pansi ku Bourgogne: kodi wosamwa angapindule nawo?

Mayi wa ku Leeds

Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yatha masabata awiri tikuikambirana kunyumba popanda kumanga chimodzi. Chaka chamawa ine ndi bambo a kunyumba tikwanitsa zaka 25 tili pabanja, ndipo ana athu asonkherana ndalama kuti atitumize ku France. Bambo apeza ulendo wa sabata imodzi ku Bourgogne, dera limene Angerezi amalitcha Burgundy, womwe uli ndi namulondola wake. M'mawa uliwonse alendo amayenda pansi m'minda ya mpesa pakati pa mizinda ya Dijon ndi Beaune, masana amalawa vinyo, ndipo masiku atatu amaphunzitsidwa kuphika zakudya za kumeneko.

Mtima wanga ukukayika pa zinthu zitatu. Ine sindimwa chakumwa choledzeretsa chilichonse chiyambire, bondo langa lakumanzere limandivuta ndikamatsika chitunda, komanso mtengo wake ndi wokwera kwambiri poyerekeza ndi mmene zikanakhalira tikanadzikonzera tokha. Ndikupempha amene munapitako kuti mundiuze zoona, chifukwa sindikufuna kuti thukuta la ana anga lithere pa kundikhazika pampando ndikuonerera ena akumwa.

Namwino wa ku Manchester

Mayi, zabwino zonse pa zaka 25 zimenezo. Ine ndinapitako ndi anzanga atatu a kuntchito m'mwezi wa September, ndipo ndiyambe ndi za bondo poti ndiye mbali yanga. Minda ya mpesa ya kumeneko ili m'mphepete mwa chitunda chachitali chimene chimayambira kumwera kwa Dijon, ndipo midzi yake inandandalikana m'munsi mwa chitundacho motalikirana makilomita awiri kapena atatu. Tsiku limene tinayenda kuchokera ku Gevrey-Chambertin kudzera ku Morey-Saint-Denis ndi Chambolle-Musigny mpaka ku Vougeot, mtunda wonse sunafike makilomita 10, ndipo njira yake inali ya timisewu ta mathirakitala topanda zitunda zoopsa. Koma tsiku lina anatikweza pamwamba, kunkhalango, kudzera m'tizigwa touma ta miyala timene amatitcha combe, ndipo potsika kumeneko ngakhale ine amene maondo anga ndi abwino ndinatsika cham'mbali ngati nkhanu. Choncho muwafunse okonza ulendowo kuti ndi masiku angati amene amakwera kunkhalango, komanso ngati galimoto yonyamula katundu ingathe kunyamulanso munthu amene watopa.

Chimene palibe anandichenjeza ndi dzuwa. Mpesa wa kumeneko amaudulira kuti ukhale waufupi, wolekeza m'chiuno, kotero mutha kuyenda ola lathunthu osapeza mthunzi. Mutenge chipewa, madzi ndi ndodo ziwiri zoyendera.

Bambo wa ku Reading

Mundikhululukire kuti ndilankhula ngati munthu wowerengera ndalama, poti ndiyo ntchito yanga. Ine sindiona chifukwa cholipirira namulondola m'dera ngati limenelo. Sitima ya Eurostar imachoka ku London St Pancras kukafika ku Paris m'maola awiri ndi mphindi zochepa, mukatero mumawoloka mzinda kupita kusiteshoni ya Gare de Lyon, ndipo sitima yothamanga ya TGV imakufikitsani ku Dijon maola awiri asanakwane. Kuchokera ku Dijon pali sitima zing'onozing'ono zimene zimaima ku Gevrey-Chambertin, Vougeot, Nuits-Saint-Georges ndi Beaune, moti munthu akatopa amangotsikira kusiteshoni n'kubwerera kumene akugona. Njira za apansi ku France anazipaka zizindikiro pamiyala ndi pamitengo: mzere wofiira ndi woyera ndi wa njira zazitali, wachikasu ndi wofiira ndi wa njira zozungulira dera, ndipo wachikasu wokha ndi wa njira zifupizifupi. Mukaona mizereyo yapingasana, ndiye kuti kumeneko si njira. Munthu wodziwa zimenezi, ali ndi mapu pafoni, sangasochere. Kalasi ya kuphika mutha kuilipira payokha tsiku limodzi ku Dijon kapena ku Beaune, ndipo ndalama yotsalayo mukagone malo abwinopo.

Wophunzira wa ku Dijon

Bambo anga a ku Reading, zonse mwanena za sitima ndi zizindikiro ndi zoona, ndipo ine ndemwe ndimayenda choncho chifukwa thumba la mwana wa sukulu ndi losaya. Komabe ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono, popeza ndakhala kuno zaka zitatu. Kusochera si vuto la kuno ayi. Vuto ndi lakuti munthu atha kuyenda tsiku lonse, n'kubwerako atangoona mizere ya mpesa yofanana, osadziwa kuti wadutsa pa chiyani.

Ulendo wanga woyamba ndinayenda ndekha kuchokera m'mudzi wa Vosne-Romanée, ndipo ndinaona anthu akujambula zithunzi pa kampanda ka miyala kamene kali pafupi ndi mtanda wamwala. Ndinaganiza kuti mwina ndi manda. Ndinamva pambuyo pake kuti kamunda kameneko ndi Romanée-Conti, kosakwana mahekitala awiri, komwe vinyo wake ali m'gulu la vinyo wodula kwambiri padziko lonse. Ulendo wachiwiri ndinapita ndi mayi wina wokulira m'mudzi womwewo. Iye anandiimika pakati pa kanjira kongokwanira thirakitala imodzi, n'kundiuza kuti nditape dothi kudzanja lamanja ndi lamanzere. Mbali ya kumtunda dothi linali lopyapyala, lodzaza timiyala toyera ta laimu, pamene mbali ya kumunsi linali lofiirira ndi lomata m'manja. Anandifotokozera kuti mtundu wa mpesa ndi umodzi, pinot noir, dzuwa ndi limodzi, mvula ndi imodzi, koma minda iwiriyo ili ndi maina osiyana ndipo mitengo ya vinyo wake ndi yotalikirana kwambiri. Timinda totere amatitcha climat, tilipo 1,247, ndipo bungwe la UNESCO linatiika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2015. Malo abwino koposa amakhala pakati pa chitunda, poyang'ana kum'mawa, pamene madzi sadikha ndipo dzuwa la m'mawa limaumitsa mame msanga. Mayi a ku Leeds, zimenezi munthu amaziona ndi maso ndi kuzigwira ndi manja, sizifuna kumwa.

Chinanso n'chakuti alimi ambiri ang'onoang'ono satsegulira aliyense wongogogoda. Amafuna kupangana nawo tsiku, ndipo ambiri salankhula Chingerezi momasuka. Namulondola wabwino ndiye amene amakutsegulirani zitseko zimenezo.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba

Ine ku France sindinapondeko, koma ndinaphunzitsa mbiri ya ku Ulaya zaka zambiri, choncho ndiloleni ndiikepo mlomo pa zimene mwana wathu wa ku Dijon wanena. Amene anayamba kusiyanitsa timinda timeneto mosamala anali amonke, makamaka a ku Cîteaux, nyumba imene inakhazikitsidwa mu 1098. Iwo ndiwo anayamba kulima munda wotchuka wa Clos de Vougeot m'zaka za m'ma 1100 ndipo pambuyo pake anauzunguliza mpanda wamiyala. Munda umenewo ndi wa mahekitala pafupifupi 50, koma lero eni ake ndi pafupifupi 80. Chinachititsa ndi chakuti pa nthawi ya kuukira kwa anthu a ku France kumene kunayamba mu 1789, minda ya mpingo inalandidwa n'kugulitsidwa, ndipo malamulo a m'nthawi ya Napoleon anati chuma cha kholo chizigawidwa kwa ana onse. Aliyense wa ife amene anaonapo munda wa agogo ukugawidwa kufikira mdzukulu atatsala ndi mizere isanu ndi umodzi akumvetsa chimene chinachitika kumeneko.

Mu 1395 mfumu ya deralo, Philippe le Hardi, inalamula kuti mpesa wa mtundu wa gamay uzulidwe chifukwa inkauona ngati wonyazitsa dzina la dziko lake, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene vinyo wofiira wa kumeneko ali wa pinot noir kufikira lero. Ndipo mayi, mukakafika ku Beaune musakalephere kulowa mu Hôtel-Dieu, chipatala cha amphawi chimene Nicolas Rolin ndi mkazi wake Guigone de Salins anamanga mu 1443. Anthu akhala akupereka minda ya mpesa ku chipatalacho, ndipo vinyo wake amagulitsidwa pa okushoni Lamlungu lachitatu la November chaka chilichonse kuti ndalama zithandize odwala. Kaya munthu amamwa kaya samwa, pamenepo pali nkhani yoti aisinkhesinkhe.

Mayi wa ku Leeds

Zikomo kwambiri nonse, makamaka aphunzitsi ndi mwana wanga wa ku Dijon. Za kuyenda mtima wanga wayamba kukhala pansi. Koma ndaona pa ndondomeko ya kalasi yophika kuti pali boeuf bourguignon ndi oeufs en meurette, ndipo ndamva kuti zonsezi amaphika ndi vinyo. Bambo a kunyumba akuti mowa wonse umauluka ndi nthunzi. Kodi zimenezi ndi zoona, kapena akungondinyengerera?

Wophika wa ku Johannesburg

Achemwali, ine ndagwira ntchito m'khitchini ya hotela zaka zoposa khumi, ndipo ndikuyankhani mosapsatira. Alamu anga akunena zoona pang'ono chabe. Chakudya chikabwata nthawi yaitali mbali yaikulu ya mowa imachokadi, koma siithera, kamatsalako ndithu ngakhale kochepa kosaledzeretsa. Tsono zili ndi inu ndi chikumbumtima chanu, ngati chimene mumapewa ndi kuledzera kapena ndi vinyo weniweniyo.

Boeuf bourguignon ndi chakudya cha alimi, osati cha mafumu. Amatenga nyama ya ng'ombe yolimba, ya paphewa kapena ya mwendo, ena amayamba aiviika mu vinyo wofiira usiku wonse pamodzi ndi karoti ndi anyezi. M'mawa mwake amaipukuta kuti iume, amaikazinga mpaka itafiira mbali zonse, amawazako ufa wa tirigu, kenaka amathiramo vinyo uja ndi msuzi wa mafupa n'kuisiya pamoto wochepa maola atatu. Kumapeto amaikamo bowa, tianyezi ting'onoting'ono ndi timapisi ta nyama ya nkhumba. Oeufs en meurette ndi mazira ophikidwa opanda chikhokhombe, othiridwa msuzi wa vinyo wofiira, n'kuikidwa pa buledi wokazinga. Mukachotsa vinyo m'zakudya ziwirizi, mwaphika chakudya chabwino ndithu koma chosakhala cha ku Bourgogne. Ndikuchenjezeninso kuti vinyo amabisala m'zinthu zina zimene simungaziganizire: mpiru wosinja wa ku Dijon, chokometsera chopangidwa ndi njere za mpiru, nthawi zina amausakaniza ndi vinyo woyera, ndipo tchizi cha Époisses amachitsuka ndi kachaso wa makoko a mphesa wotchedwa marc pamene chikukhwima.

Koma pali chakudya chimodzi chimene ndikufuna mukachiphunzire, ndipo ndikulosera kuti mukawaposa onse m'kalasimo. Dzina lake ndi gougères, timabanzi ta tchizi topanda kanthu m'kati. Mumawiritsa mamililita 250 a madzi pamodzi ndi magalamu 100 a batala ndi mchere pang'ono, mumaphula poto, n'kukhuthuliramo magalamu 150 a ufa wa tirigu nthawi imodzi. Mukatero mumabwezera pamoto n'kuyamba kuvundula ndi mthiko mpaka phalalo litagwirana n'kuleka kumata m'mbali mwa poto. Mzungu woyamba kumene mkono umamulema pa mphindi imodzi, koma munthu wophika nsima tsiku ndi tsiku dzanja lake limadziwa kale nthawi yolekera. Likazizirako mumaswera mazira anayi, limodzi limodzi, osaika lachiwiri loyamba lisanalowerere, kenaka tchizi chopala cha Comté. Mumaika timibulu pa thireyi n'kulowetsa mu uvuni wotentha madigiri 200 kwa mphindi 25, ndipo musatsegule chitseko pakati, chifukwa timaphwa ngati chibaluni.

Namwino wa ku Manchester

Ndikuvomereza za gougères, ife tinaphika zimenezo ndipo mphunzitsi wake anaima kumbuyo kwanga n'kundifunsa kumene ndinaphunzira kugwira mthiko chotero. Ndionjezere kuti kalasi yathu inayambira kumsika wa ku Beaune Loweruka m'mawa, ndipo kwa ine imeneyo ndiyo inali mbali yokoma koposa. Mphunzitsiyo sanalembe chogula chilichonse. Ankazungulira, kununkhiza, kufunsa wogulitsa kumene nkhuku inakulira, ndipo chakudya cha tsikulo anachisankha atatha kuona zimene zinalipo. Chimodzi chimene anatiletsa ndi kugwira zipatso tokha, chifukwa kumeneko wogulitsa ndiye amakusankhira, atakufunsa ngati ukadya lero kapena mawa.

Za kulawa vinyo, mmodzi wa anzanga aja ndi wa mpingo woletsa mowa ndipo sanalawe ngakhale dontho. M'zipinda za pansi pa nthaka mmene muli migolo, mozizira moti mumafunika juzi ngakhale kunja kukutentha, iye ankalandira tambula yake, kuipendeketsa poyang'ana kandulo, kununkhiza, n'kukhuthulira m'kachidebe. Palibe anamuyang'ana modabwa, pakuti olawa enieni nawonso sameza, amazunguza vinyo m'kamwa n'kulavulira m'kachidebe komweko kotchedwa crachoir. Tsiku loyamba ine ndinachita manyazi kulavula pamaso pa mwini munda, ndinameza matambula onse asanu ndi limodzi, ndipo makilomita anayi otsala aja ndinawamva m'miyendo. Mnzanga wosamwayo ndiye ankatchula fungo molondola kuposa tonse, ndipo pa chakudya ankamupatsa madzi a mphesa kapena a cassis, tizipatso takuda timene amalima m'mapiri a kumtunda kwa Nuits-Saint-Georges. Nkhono zokha ndiye tonse anayi tinazikankhira kwa alendo anzathu, ngakhale zinkanunkhira adyo ndi batala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, sananene za kuidya.

Bambo wa ku Reading

Ndamva zonse, ndipo kuti ndisaoneke ngati wobisa, ndiulule chimene chinandichitikira. Ine ndi akazi anga tinafika m'mudzi wina wa kumwera kwa Beaune Lolemba, nthawi ili cha m'ma 2 koloko ndi theka masana, njala itatigwira. Malo odyera amodzi anali otseka tsiku lonse, ena anatiuza mwaulemu kuti khitchini yatsekedwa 2 koloko, ndipo sitolo ya buledi inali yokhoma. Tinadya mtedza wa m'chikwama titakhala pa mpanda wa munda umene vinyo wake sitingathe kugula. Mayi a kunyumba sanandilankhule mpaka ku Santenay. Ndikuvomera kuti namulondola akanatipulumutsa pamenepo. Komabe sindinasinthe maganizo kotheratu, chifukwa maulendo ena otchedwa otsogoleredwa amangokupatsani kabuku ndi nambala ya foni, n'kumakunyamulirani masutikesi, koma mtengo wake ngati kuti munthu akuyenda nanu. Mayi, musanalipire mufunse ngati namulondolayo amayenda nanu tsiku lililonse, ngati ndi wa m'deralo, kuti gulu limakhala la anthu angati, ndi kuti ndi zakudya zingati zimene zili m'kati mwa mtengowo. Mufunsenso ngati m'kalasi aliyense amagwira mpeni ndi poto, kapena mumangokhala pamipando kuonerera wophika. Ndipo popeza inu simulawa vinyo, si mwano kupempha kuti akuchotsereniko mtengo wa kulawako.

Komanso ngati muli ndi pasipoti ya Malawi, kukhala ku Britain sikukupatsani ufulu wolowa ku France. Mufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, imene mtengo wake unakwera kufika mayuro 90 mu June 2024, pamodzi ndi inshulansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Masiku okaperekera mapepala amadzaza msanga nyengo yotentha ikamayandikira, ndiye muyambe msanga.

Wophunzira wa ku Dijon

Mafunso a bambo a ku Reading ndi ofunika kwambiri. Ine ndionjezere za nyengo. Ambiri amathamangira September chifukwa cha kukolola, ndipo n'zoona kuti minda imadzaza ndi anthu ogwada ndi timikasi, ena atabereka madengu kumsana. Koma imeneyo ndi nthawi imene mlimi alibe mpata wocheza ndi mlendo, ndipo zaka zotentha kukolola kumayamba kumapeto kwa August. Kwa munthu wa bondo lovuta ndi wofuna kufunsa mafunso, kumapeto kwa May kapena June ndi bwino, masiku ndi aatali ndipo mpesa umakhala ukuchita maluwa. Pamenepo mlimi amatha kugwada nanu n'kukuonetsani kachotupa ka patsinde, pafupi ndi nthaka, pamene anamezanitsa mpesa wa ku France ndi mizu ya mpesa wa ku America. Anayamba kutero tizilombo todya mizu totchedwa phylloxera titawononga minda ya dziko lonselo kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo pafupifupi mtengo uliwonse umene mukauone ndi womezanitsa. Akakuuzaninso za chisanu cha mu April 2021, pamene alimi anachezera usiku kuyatsa makandulo akuluakulu pakati pa mizere kuti mphukira zisapse.

Ku Dijon kuno mutha kudzaonanso Cité Internationale de la Gastronomie et du Vin, nyumba ya zionetsero za zakudya ndi vinyo imene inatsegulidwa mu 2022, ndi msika waukulu wa Les Halles. Chomaliza, polowa m'sitolo, m'basi kapena pokumana ndi mlimi m'munda, muyambe ndi kunena bonjour. Anthu ambiri amene amadandaula kuti Afalansa ndi amwano amakhala atayamba kufunsa asanapereke moni, chinthu chimene ngakhale kwathu sichikanawathandiza.

Mayi wa ku Leeds

Ndawawerengera bambo a kunyumba zonse zimene mwalemba, ndipo poyamba anaseka kwambiri za mtedza wa bambo a ku Reading. Tagwirizana kuti tipita m'mwezi wa June, ndipo titenga ulendo wa namulondola ngati atayankha bwino mafunso aja, makamaka la masiku okwera kunkhalango ndi la galimoto. Za nyama yophikidwa ndi vinyo ndaganiza kuti ndikaphika nawo kuti ndione mmene amachitira, koma kudya akadya bambo. Ine ndikadya gougères zanga. Funso langa lotsala ndi la mphatso: ana akuti tiwabweretsere tchizi chija chonunkha.

Wophika wa ku Johannesburg

Achemwali, tchizi cha Époisses chikakhala m'chikwama maola asanu ndi limodzi a pasitima, anthu a m'bogi yonse adzakudziwani. Komanso mu April 2025 boma la Britain linaletsa apaulendo kulowa ndi nyama ndi zamkaka kuchokera ku maiko a European Union chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe, choncho muyambe mwaona ngati chiletsocho chachotsedwa musanagule. Chosavuta kunyamula ndi pain d'épices, buledi wa uchi ndi zonunkhira wa ku Dijon, amene sachedwa kutha koma amachedwa kuwonongeka, ndi mpiru wosinja. Ku Beaune kuli fakitale ya Fallot, kumene akuperabe njere za mpiru pamphero yamwala ndipo amalandira alendo odzaona. Muwerenge zolembedwa pabotolo kuti musankhe wopanda vinyo, ndipo ngati m'sutikesi mukatsale malo, botolo limodzi likhale langa.